Kodi mpweya wa nitrous oxide umaphadi ululu pochotsa mimba yaing'ono?

Nyenyezi: Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga pano osalembapo kanthu, koma lero ndafuna nzeru zanu. Lachisanu likudzali ndikukachotsa mimba, ili ndi masabata 8, ndipo ndasankha njira yopopa osati ya mapiritsi. Za chifukwa chake chonde tisalowemo, ndinalira kale mokwanira. Chikundisowetsa tulo ndi ululu. Anamwino anandiuza kuti akandimwetsa ibuprofen, akandibaya jakisoni pakhomo la chiberekero, ndipo ngati ndikufuna pali mpweya wokoka wotchedwa nitrous oxide. Ine pondiika lupu zaka zitatu zapitazo thukuta linangoti kamukamu mpaka ndinaona mdima. Ndiye amene munaukokapo mpweyawu tandiuzani, umathandizadi? Kapena ndipemphe kuti angondigonetsa?

Mayi wa atatu: Achemwali, pepani ndipo limbani mtima. Ine ndinaukoka kawiri: pobereka mwana wachiwiri, ndi pamene ndinapita padera nkukanditsuka m'chiberekero. Chida chomwe ananditsukira ndi chomwecho akakupoperenicho. Ndisakunamizeni, ululu sunachoke. Ndinkaumva ndithu, koma ngati ukuchitikira munthu wina m'chipinda chinacho. Milomo inachita dzanzi, zala zinkanyerenyetsa, mawu a anamwino ankamveka ngati akulankhulira mu ndowa. Ndimakumbuka ndikuyang'anitsitsa babu la kudenga nkumadzifunsa kuti analipukuta liti. Pomwe ndimati ndifunse funso langa lopusalo, anali akuti tatha amayi.

Nyenyezi: Koma munaseka? Paja amati ndi mpweya woseketsa. Ndikuopa kuchita manyazi.

Mayi wa atatu: Kuseka kuti, miyendo ili m'mwamba? Ayi ndithu. Kungoti mutu unapepuka.

Mzamba wopuma: Mwanangu Nyenyezi, chinsinsi cha mpweya umenewu ndi nthawi yoyambira. Ndauona ukuthandiza ndipo ndauona ukunyozedwa, ndipo kawirikawiri wounyozayo anauyamba mochedwa. Sugwira pompopompo. Umafuna theka la mphindi kapena mphindi yathunthu mukukoka mozama, mosathamanga. Ukadikira kuti ululu uyambe kenako nkumafunafuna masiki, pofika pogwira ntchito chopwetekacho chadutsa kale, iwe nkutsala ndi chizungulire chokha. Choncho muwapemphe okupopaniwo kuti azikuuzani asanachite chilichonse: "tsopano ndikufuna kubaya," "tsopano ndikutsegula khomo." Inu muyambe kukoka asanagwire.

Chachiwiri, masiki kapena kapaipi koluma kaja mugwire nokha. Wina asakugwirireni, ngakhale akhale wokukondani bwanji. Makinawo amatulutsa mpweya pokhapokha mwakoka, ndipo mukayamba kuledzera nawo dzanja limalefuka lokha, masiki nkugwa, inu nkuyamba kupuma mpweya wamba. Chitetezo chake chagona pamenepo. Mpweyawu thupi siliuphwanya, umatuluka m'mapapo momwe unalowera, ndiye pakangotha mphindi zochepa mutu umabwerera m'malo.

Wogonetsa odwala: Amayi a Mzamba afotokoza bwino kagwiritsidwe kake. Ine ndiwonjezere zomwe ena sangakonde kumva, poti funso linali lakuti umaphadi ululu. Akatswiri anayesapo kangapo pa kupopa kwenikweniku, ndipo zotsatira zake sizosangalatsa. Ku Hong Kong mu 2006 anagawa amayi pawiri, ena nkuwapatsa mpweya wosakaniza theka nitrous oxide theka okosijeni, ena mpweya wamba, onse osadziwa chomwe akukoka. Atawafunsa za ululu, panalibe kusiyana kwenikweni. Ku France mu 2012 anachitanso chimodzimodzi kwa amayi omwe anabayidwa jakisoni wochititsa dzanzi, zotsatira nkukhala zomwezo. Ku New Mexico, m'dziko la America, mu 2017 anakweza mphamvu mpaka magawo 70 pa 100, nkuyerekeza ndi mapiritsi oziziritsa mtima ndi opha ululu, pa amayi 140. Ululu unali wofanana ndithu. Ndipo pa mimba zokulirapo, za masabata 12 mpaka 16, kafukufuku wa 2018 anapeza kuti mpweyawu ukuchepa mphamvu poyerekeza ndi fentanyl ndi midazolam, mankhwala opha ululu ndi oziziritsa thupi a mumtsempha.

Ndiye a Nyenyezi, musaike mtima wonse pa mpweya. Zomwe zili ndi umboni wolimba ndi ziwiri anakuuzani poyamba zija, jakisoni wa pakhomo la chiberekero ndi ibuprofen.

Mayi wa atatu: Adokotala, ndiye mukuti ine ndinalota? Ndinali pompo, ndinaumva ukugwira ntchito.

Wogonetsa odwala: Ayi amayi, simunalote. Inuyo mwanena nokha kuti ululu sunachoke, koma munasiya kuulabadira. M'kafukufuku amakupatsa mzere woyambira pa 0 kukafika pa 100 nkuti loza pomwe ululu wako wafika. Munthu atha kuloza pa 55 ali phee, wina nkuloza pa 55 pomwepo akunjenjemera ndi mantha. Nambala ndi imodzi koma tsiku lawo silofanana. Komanso ku Hong Kong kuja amayi onse anali atalandira kale mankhwala a mumtsempha, ndiye mpweya unalibe malo ambiri oonetsera mphamvu zake. Ine sindiukana. Ndimangokana kuugulitsa ngati mankhwala ogonetsa.

Mayi wa atatu: Apo ndiye tamvana. Koma mantha nawonso ndi matenda, musamawachepetse.

Mzamba wopuma: Mantha ndi theka la ululu wa pabedi paja. Mayi wamantha amafinya matako, amakweza chiuno, amathawa chida, ndiye wopopayo amavutika ndipo ntchito ya mphindi zisanu imatenga khumi ndi zisanu. Mpweyawu umamupatsa munthu chochita. M'malo momvetsera kulira kwa zitsulo pa thireyi, akuwerenga mpweya wake. Ngakhale silinda itakhala yopanda kanthu, kupuma mozama kokhako kumamasula thupi. Mwina n'chifukwa chake aja a mpweya wamba sanasiyane kwambiri ndi anzawo.

Chete-chete: Ine ndinene zanga, pasakhale okoma okhaokha. Kwa ine unali woipa. Nditakoka kanayi kapena kasanu chipinda chinayamba kuzungulira, nseru inabwera, ndinasanza m'kabeseni ali pakati pa ntchito. Choipitsitsa n'chakuti ndinamva ngati ndikutsamwa, ngati masiki akundiphimba dala. Ndinawataya. Anamwino wina anangondigwira dzanja nkumandifunsa za ana anga, mayina awo, amene amavuta kudya. Chinandipulumutsa ndi chimenecho. Sindikuti musayese, koma dziwani kuti mukhoza kuusiya nthawi ina iliyonse, palibe amene angakukalipireni.

Nyenyezi: Eee, kusanza ndiye ndimadana nako. Zimachitikira ambiri?

Wogonetsa odwala: Chizungulire ndiye chofala kwambiri. Nseru imabwera kwa ena, kusanza kwenikweni kwa ochepa. Ubwino wake ukangochotsa masiki zimayamba kutha. Ngati mumachita nseru msanga mukakwera galimoto, kapena mimbayi ikukusanzitsani kale m'mawa, auzeni asanayambe, alipo mankhwala oletsa kusanza. Ndipo ngati simukonda chinthu chokuphimbani kumaso, funsani ngati ali ndi kapaipi koluma m'malo mwa masiki.

Wophunzira unamwino: Pepani akuluakulu ndilowerere. Chomwe chimapweteka kwenikweni n'chiyani pa ntchito imeneyi? Ife m'kalasi anangotionetsa sirinji yopopera m'chiberekero ija yotchedwa MVA ndi timapaipi take, za ululu anadutsapo mothamanga.

Mzamba wopuma: Amatero kumene, ngati ululuwo ndi wa chidole chophunzirirapo. Tamvera mwanangu. Pali malo atatu. Poyamba ndi jakisoni yemweyo, amaluma ngati mbola kenako nkumva kuthina, masekondi ochepa. Kenako kutsegula khomo la chiberekero ndi tizitsulo tokulirakulira, apa ndi pomwe jakisoni uja amagwira ntchito yake yaikulu. Pomaliza ndi kupopa, makamaka kumapeto. Chiberekero chikatsala chopanda kanthu chimadzifinya nkugwira kapaipi kaja, ndipo mayi amamva cham'mimba champhamvu, choposa cha kumwezi. Wopopayo akamva kugwirako amadziwa kuti watha, pomwe mayiyo akuganiza kuti zinthu zavuta. Ine ndinkawauza kuti ukamva kupotokola kwambiri dziwa kuti tili kumapeto. Jakisoni wa pakhomo safika bwino kumtunda kwa chiberekero chifukwa minyewa ya kumeneko imadzera njira ina, ndiye ululu womalizawu ndi wa ibuprofen, botolo la madzi ofunda pamimba, ndi mpweya ngati ulipo. Kupopa kwenikweniko pa masabata 8 sikudutsa mphindi zisanu kapena khumi.

Wogonetsa odwala: Ndipo ibuprofen amwedwe nthawi ikadalipo, theka la ola kapena ola lathunthu ntchito isanayambe, osati mayi atagona kale pabedi. Jakisoni uja dzina lake ndi paracervical block, kawirikawiri ndi mankhwala ochititsa dzanzi a lidocaine wa 1%, mamililita 20. Kale ena ankakayika ngati amathandiza poti naye amapweteka pobaya, koma kafukufuku wa ku Oregon, ku America, wa 2012 anaonetsa kuti amachepetsadi ululu wa potsegula khomo ndi wa popopa. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO a 2022 amati jakisoniyu aziperekedwa, mankhwala a gulu la ibuprofen aziperekedwa, ndipo kugonetseratu munthu kusakhale chizolowezi pa ntchito ngati iyi.

Nyenyezi: Chifukwa chiyani safuna kugonetsa? Ine ndimaona ngati ndiye njira yachifundo, kudzuka zonse zitatha.

Wogonetsa odwala: Ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, ndiye ndikuuzeni mosabisa. Kugonetseratu munthu kumafuna kuti asadye kwa maola angapo, kumafuna woyang'anira kapumidwe, makina, ndi chipinda chotsitsimukira. Mankhwala ena ogonetsa okoka amalefula chiberekero, magazi nkutuluka ambiri. Zonsezi chifukwa cha ntchito ya mphindi khumi. Pakatikati pali njira ina: mankhwala a mumtsempha oziziritsa thupi, munthu ali maso koma ali ngati wasinza. Imeneyo imapha ululu kuposa mpweya, palibe kukangana. Mtengo wake ndi wakuti mumafuna wokuperekezani, simuyendetsa galimoto tsiku limenelo, ndipo ena sakumbukira bwino zomwe zinachitika. Alipo amene kuiwalako amakufuna, alipo amene kumawasautsa. Poti munakomokapo poika lupu, nenani zimenezo poyera. Kukomoka kotero nthawi zambiri kumabwera khomo la chiberekero likagwidwa, mtima nkuyamba kugunda pang'onopang'ono. Akadziwiratu amakonzeka, ndipo sakudzutsani msanga mukatha.

Mlendo: Koma abale, tikukambirana za kuchepetsa ululu ngati nkhani yake ndi yochotsa dzino. Palibe amene amuuze mwanayu kuti aganizenso?

Woyang'anira gulu: A Mlendo, mwiniwake anapempha poyamba pomwe kuti za chifukwa chake tisalowemo. Maganizo anu ndi anu ndipo tikuwalemekeza, koma funso lili pano ndi la ululu. Chida chomwechi chimatsukanso amayi opita padera, ndiye zomwe zikunenedwazi zikuthandiza ambiri. Tipitirize.

Wamankhwala: Poti dzino latchulidwa, mpweyawu unayambiradi ku mano. Anautulukira ndi Joseph Priestley mu 1772, ndipo Humphry Davy analemba mu 1800 kuti ungathandize pa opaleshoni, koma kwa zaka zoposa makumi anayi anthu ankangoukoka pa zisudzo kuti aseke. Mu 1844 dokotala wa mano Horace Wells wa ku Hartford, ku America, anaona munthu atadzipweteka mwendo pa chionetsero chotere osamva kanthu, mawa lake iye nkuchotsetsa dzino lake atakoka mpweyawu. Atapita kukaonetsa ku Boston mu 1845, wodwala anabuula pochotsedwa dzino ndipo oonerera anamunyoza Wells. Ndiye mkangano wa amayi a atatu ndi adokotalawu ndi wakalekale, mpweyawu wakhala ukukhumudwitsa ouyembekezera zambiri kuyambira tsiku loyamba. Wosakaniza theka ndi theka mu silinda imodzi uja, wotchedwa Entonox, anaukonza ndi Michael Tunstall mu 1961.

Koma chomwe ndalowerera ndi ichi. Pali anthu osayenera kuukoka. Nitrous oxide amalowa msanga paliponse pomwe mpweya watsekeredwa m'thupi nkupatukusira. Choncho amene mapapo ake anaphwa mpweya nkutsekeredwa m'chifuwa, amene matumbo ake atsekeka, amene wangochitidwa opaleshoni ya m'khutu, kapena ya diso yomwe anaikamo mpweya, asayerekeze. Chinanso, amafooketsa vitamini B12. Kwa munthu wabwinobwino mphindi khumi si kanthu, koma amene B12 ndi wochepa kale, monga osadya konse za nyama, mkaka ndi mazira, kapena amene anadulidwa mbali ya chifu, anene asanapatsidwe.

Wophunzira unamwino: Ndiye aja amakoka m'mabaluni pa maphwando aja ndi mpweya womwewu?

Wamankhwala: Womwewo, koma wopanda okosijeni, ndipo amaukoka mobwerezabwereza. Ndi amene amafika kuchipatala miyendo itachita dzanzi, akuyenda modzandira, chifukwa minyewa ya mumsana yawonongeka. Wa kuchipatala nthawi zonse umabwera ndi okosijeni wochuluka kuposa wa mumpweya tikupumawu, womwe uli ndi magawo 21 pa 100. Iwe ukadzayamba ntchito udzakumbukire ziwiri: chipinda chizipita mphepo kapena pakhale chokokera mpweya wotsala kunja, chifukwa wokoka tsiku lililonse ndi namwino osati wodwala. Ndipo silinda ya Entonox ikazizira kufika cha m'ma digiri 6 kunsi kwa ziro, mipweya iwiri ija imalekana, poyamba nkumatuluka okosijeni wambiri, kumapeto nitrous oxide wosasakaniza bwino. Imafunika kuisunga pofunda ndi kuitembenuza kangapo isanagwiritsidwe ntchito.

Mzamba wopuma: Mwana wasukuluyu alembe zimenezo. Koma ine chondiwawa ndi china. Tikukangana za mpweya pomwe ndinagwirapo ntchito pamalo pena pomwe mayi ankapopedwa popanda ngakhale jakisoni, ati "ndi kanthawi kochepa, apirire." Lidocaine ali m'kabati momwemo. Ndinamvapo mnzanga wa ntchito akuuza mtsikana akulira kuti pochita zimenezo sunalire. Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa, chifukwa ndinangokhala chete, ndinali wamng'ono pantchito. Ululu si chilango choti namwino azigawa. Ndiye mwanangu Nyenyezi, poti kumene mukupitako akupatsani zitatu zonse, landirani ziwirizo mosakambirana, chachitatucho muyese mukadali chigonere asanayambe. Mukoke kangapo muone ngati mukugwirizana nawo.

Chete-chete: Zoyeseratuzo ndi nzeru. Ine akanandiyesa poyamba bwenzi nditadziwa kuti si wanga, osati kudzazindikira zitsulo zili m'kati.

Nyenyezi: Zikomo nonse, ndalemba pa pepala. Funso lomaliza: ndidye m'mawa wake? Ndipo ndikhoza kubwerera ndekha? Sindinauze aliyense kunyumba.

Wogonetsa odwala: Za kudya afunseni iwowo, chifukwa zimatengera ngati pali mwayi woti asinthe nkukupatsani za mumtsempha. Ngati ndi jakisoni wa pakhomo ndi mpweya basi, malo ambiri amalola kadzutsa wopepuka, ndipo ibuprofen safuna m'mimba mopanda kanthu. Kubwerera nokha n'kotheka, uwu ndiye ubwino weniweni wa mpweyawu. Amakupumitsani kaye theka la ola kapena kuposerapo, aone magazi ndi kuthamanga kwa mtima. Komabe mukanapeza munthu mmodzi womukhulupirira, ngakhale wongokudikirani panja, zikanakhala bwino.

Mayi wa atatu: Muvale zomasuka, mutenge mapadi ndi masokosi. Mapazi amazizira pabedi paja, sindidziwa chifukwa chake.

Nyenyezi: Ndabweranso, lero Loweruka. Zinatheka dzulo. Ndinauza msuweni wanga ndipo anandiperekeza. Ndinachita monga munanenera amayi a Mzamba, ndinapempha kuyesa kaye. Kukoka koyamba sindinamve kanthu, kachitatu manja anayamba kulemera ndipo m'makutu munkalira ngati muli njuchi. Jakisoni ndinamumva pang'ono chabe. Potsegula khomo ndinamva kukankha, osati kupweteka kwenikweni. Koma kumapeto kuja, mayo ine, adokotala munanena zoona, mpweya sunaphule kanthu. Ndinaluma kapaipi kaja mpaka mano anasiya zizindikiro. Chinandigwira mtima ndi mawu aja akuti ukamva kupotokola dziwa kuti tili kumapeto, ndinkangowabwereza mumtima. Sindinakomoke, sindinasanze. Atandichotsera kapaipi ndinalira, osadziwa ngati ndi mpweya kapena zina. Anamwino anati ambiri amatero, nkundisiya ndilire.

Mzamba wopuma: Mwachita bwino kubwera kudzatiuza, mwanangu. Cham'mimba ndi magazi pang'ono kwa masiku angapo n'zoyembekezeka. Koma mukaona mukudzaza mapadi awiri akuluakulu pa ola kwa maola awiri otsatizana, kapena thupi latentha, kapena kukutuluka zonunkha, kapena ululu ukukulirakulira m'malo mochepa, musadikire kuti kuche, bwererani kuchipatala. Ndipo mimba ina itha kubwera pasanathe ndi masabata awiri omwe, msambo usanaoneke. Za kulera anakambirana nanu?

Nyenyezi: Eya, anandiikiratu lupu ina ndisanadzuke pabedi, dzanzi la jakisoni likadalipo. Imeneyo ndiye sindinaimve n'komwe. Amayi a atatu, masokosi aja ndinaiwala, ndipo mapazi anazizira zedi.